Ayezi kumaso: wandisiyira banga pachibwano, ndipitirize kapena ndisiye?

Namaluwa27

Anzanga, ndithandizeni maganizo, makamaka inu odziwa za khungu.

Ndili ndi zaka 27. Khungu langa ndi lakuda, lamafuta pamphumi ndi pamphuno. Ndikayandikira kupita kumwezi pamatuluka ziphuphu ziwiri kapena zitatu pachibwano, zija zopanda mutu, zolimba mkati, zopweteka ngakhale ukangoseka. Vuto lachiwiri ndi lodzuka nkhope itatupa, makamaka m'munsi mwa maso. Ntchito yanga ndi yolandira alendo, ndiye anthu amandipeza m'mamawa, ndipo funso loti "mwalira kodi?" linafika pondikwana.

Mwezi wathawu ndinaona mavidiyo pa TikTok a atsikana akuviika nkhope m'mbale ya madzi a ayezi, ena akudzisisita ndi ayezi weniweniyo. Ankati timabowo ta pakhungu timatsekeka, ziphuphu zimafota, makwinya sabwera msanga. Nanenso ndinayamba. M'mawa uliwonse ndikasamba ndinkatulutsa kachidutswa mu firiza, n'kumakazunguliza kumaso mphindi ngati zisanu, wopanda kansalu, wopanda chilichonse.

Kunena zoona, masabata atatu oyambirira ndinasangalala. Kutupa kwa m'maso kunkaphwa pompopompo, khungu linkamveka lokungika, paudala ankakhala bwino. Pofika masana mafuta aja ankabwerera monga mwa masiku onse, koma m'mawa ndinkachoka pagalasi mtima uli m'malo.

Ndiye Lachinayi sabata yatha chinatuluka chiphuphu chachikulu kumanzere kwa chibwano. Ndinaganiza kuti ngati mphindi zisanu zimathandiza, ndikachikhalira nthawi yaitali chifoteratu. Ndinakanikiza ayezi pamalo amodzi osasuntha, mpaka zidutswa zitatu zinasungunukira pomwepo. Mwina panatha mphindi 15. Poyamba pankapweteka ngati akundibaya ndi singano, kenako panangochita dzanzi, ine n'kumati ndiye kuti zayamba kugwira ntchito. Nditachotsa, malowo anali atatuwa ndiponso atalimba. Patapita kanthawi panayamba kutentha ngati ndagunda mphika wapamoto. M'mawa mwake panali kathuza, kanaphulika kokha, khungu n'kusupuka. Lero pali banga lakuda bii, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Chiphuphu chija chinakhalabe masiku ake asanu ngati kale.

Mafunso anga ndi awa. Bangali lidzachoka? Nanga ayezi kumaso amathandizadi, kapena ndinangotengeka? Sindikufuna kusiya chinthu chimene chimandithandiza m'mawa, koma ndikuopa kudziwononga nkhope ndi manja anga omwe.

NamwinoWaKhungu

Achemwali, pepani ndithu. Ine ndine namwino, ndipo ndakhala zaka zambiri kumbali ya odwala khungu. Zimene mwafotokozazi ndi kupsa. Kuzizira kumawotcha ngati moto, ndipo bala lake timalisamalira mofanana.

Firiza ya m'nyumba imakhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Ayezi akangotuluka mmenemo amakhala wouma, amamata pachala, ndipo amazizira kuposa ayezi amene wayamba kale kusungunuka. Mukamukanikiza pamalo amodzi, mitsempha ya magazi ya pamenepo imafinyika, magazi ofunda safika, ndipo madzi a m'khungu lenilenilo amayamba kuundana. Ululu wa singano uja unali khungu likukuuzani kuti chotsani. Dzanzi lija ndiye linali chizindikiro choti mwapitirira kale. Ambiri amalakwitsa pomwepa, chifukwa ululu ukaleka munthu amaganiza kuti zayamba kuchira.

Za bangalo. M'khungu muli maselo opanga mtundu wake, otchedwa melanocyte. Maselowa sapirira kuzizira ngati anzawo: amayamba kuwonongeka pa madigiri 4 mpaka 7 kunsi kwa ziro, pamene maselo ena a khungu amapirirabe kupitirira pamenepo. Akangovutitsidwa amatulutsa melanin (chimene chimapatsa khungu mtundu) wochuluka, pakhungu n'kuda. Akaferatu pamatsala banga loyera, ndipo limenelo ndiye lovuta, nthawi zina silichoka. N'chifukwa chake ife tikamawotcha njerewere ndi nayitrojeni wamadzi, amene amakhala pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, timachenjeza munthu wa khungu lakuda tisanayambe. Lanu lada, kutanthauza kuti maselowo ali moyo. Limenelo limachoka, koma mwapang'onopang'ono. Werengerani miyezi 6 mpaka 12, ndipo ngati lalowa mkati kwambiri likhoza kupitirira apo.

Panopa musalinyule, musalikhule ndi chilichonse chokhakhala. Ngati pakadali posupuka, pakani Vaseline pang'ono mpaka patseke. Pakatseka, m'mawa uliwonse pakani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, chifukwa dzuwa ndi limene limadetsa mabanga otere. Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musathamangire mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa iwo amakhala ndi steroid wamphamvu ngati clobetasol, amene amapepuza khungu, kubweretsa ziphuphu zina ndi kuonetsa timitsempha tofiira. Ndaonapo anthu amene anabwera ndi banga limodzi, n'kudzabweranso patapita chaka nkhope yonse itawonongeka. Pakayamba kutuluka mafinya, kutupa kwambiri kapena kutentha, pitani kuchipatala.

Ayezi mwini wakeyo si mdani. Amaphwetsadi kutupa ndi kuchepetsa ululu, kwa kanthawi. Mukafuna kumugwiritsa ntchito pachiphuphu chopweteka, mukulungeni m'kansalu koyera kopyapyala, muikepo mphindi imodzi kapena ziwiri, muchotse, mudikire mphindi zisanu, mubwereze kawiri basi. Koma samapha tizilombo ta m'chiphuphu, ndipo samachepetsa mafuta amene khungu limapanga. N'chifukwa chake chanu chija chinakwanitsabe masiku ake asanu. Ziphuphu zobwera mwezi ndi mwezi zimafuna mankhwala ake, monga benzoyl peroxide kapena adapalene, ndipo nawonso amafuna masabata 8 mpaka 12 kuti muone kusintha. Adapalene sapakidwa ndi munthu woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pathupi, ndiye mufunse kaye adokotala.

Aunty Zophoda

Mwana wanga, pepa, koma usamude ayezi chifukwa cha tsiku limodzi. Ine ndimadzoza anthu zophoda, makamaka akwati, ndipo ndagwira nkhope zambiri. Mkwati amafika sanagone, walira usiku, zikope zili tutuu. Ndikamuika chozizira kumaso mphindi zochepa, n'kudikira khungu liume, nkhope imabwerera mwakale ndipo zophoda zimakhala bwino. Zimenezi ndimaziona ndi maso anga sabata ndi sabata, palibe angandiuze kuti n'zabodza.

Kungoti ine ayezi weniweni sindimugwiritsanso ntchito. Ndili ndi masupuni awiri achitsulo ndi kachogudubuza kumaso kaja, ndipo zonse ndimasunga mu filiji, osati mu firiza. Zimatuluka zozizira bwino koma sizimata pakhungu. Msana wa supuni umakwana ndendende m'munsi mwa diso. Ndimayambira pafupi ndi mphuno kupita chakukhutu, pang'onopang'ono, osakanikiza. Supuni ikafunda ndasiya. Ndinasintha nditaona mtsikana wina masaya atamufiira ndi ayezi, ndipo kufiirako kunatenga pafupifupi ola kuti kuthe, nthawi ikutithera.

China chimene atsikana a m'mavidiyowo sanena ndi ukhondo. Kachogudubuzako kamatola mafuta ndi litsiro la pankhope, ndiye ukakabweza mu filiji osakatsuka, mawa ukudzipakanso zadzulo. Ine ndimatsuka ndi sopo pakatha munthu aliyense, n'kukasunga m'kapepala kakekake ka pulasitiki.

Koma anamwino, pa timabowo paja ndiye ndikufunseni. Ine ndimaona ndithu tikuchepa ndikaika chozizira. Inu mukuti bwanji? Komanso masiku ano kwabwera makina opopera nthunzi yozizira ya nayitrojeni kumaso m'malo okonzera khungu, akuti amachotsa makwinya. Makasitomala anga akundifunsa, ine yankho ndilibe.

BamboAChiso

Ndilowereko ngakhale ndine bambo, nkhaniyi imatikhudza nafenso. Ine ndikameta ndevu pakhosi pamatuluka totupatupa toyabwa, tija timabwera tsitsi likapindikira m'khungu. Chimene chimandipatsa mpumulo ndi kathaulo konyowetsa m'madzi ozizira, kuika pakhosi ndikangomaliza kumeta. Kuyabwa kumachepa. Koma totupato tinachepa pokhapokha nditasiya kumeta mopalira ndi lezala, n'kuyamba kudula ndi makina osiya kachiputu. Ndiye ndikugwirizana ndi anamwino kuti kuzizira kumatonthoza, koma gwero la vuto kumalisiya pomwepo.

Ndili ndi chenjezo limodzi. Ndaona ena akulangizana kuti uziwaza mchere pa ayezi kuti azizire kwambiri. Musayerekeze. Mchere ukasakanikirana ndi ayezi kuzizira kwake kumatsika mpaka madigiri 21 kunsi kwa ziro, ndipo madzi amcherewo amakuta khungu lonse osasiya mpata. Dokotala wina wa ku Britain, James Arnott, ankasakaniza zinthu ziwiri zomwezi m'zaka za m'ma 1840 pofuna kuchititsa dzanzi thupi la odwala ndi kulimbana ndi zotupa za khansa. Chinthu chimene dokotala ankaumitsira chotupa sichoika patsaya pofuna kukongola. Mphwanga anayesa pamkono ali kusekondale potsanzira anzake, chipsera chake chilipo mpaka lero.

Funso langa ndi la kuviika nkhope m'beseni. Ndinayesa kamodzi nditabwera kothamanga, madzi odzaza ayezi, nditagwira mpweya. Nditadzutsa mutu ndinamva chizungulire, mtima ukugunda mwapatalipatali, mpaka ndinakhala pansi. Chinali chiyani chimenecho?

MayiWaAtatu

Achemwali a Namaluwa, ine za banga ndilibe mawu, anamwino anena kale. Chandigwira mtima ndi chija mwati mumadzuka nkhope itatupa.

Nthawi zambiri si kanthu. Munthu ukagona chafufumimba kapena wopanda pilo, ukadya zamchere wambiri madzulo, ukalira kapena ukamwa mowa, madzi amasonkhana kumaso usiku, ndipo ukadzuka n'kuyendayenda amatsika okha. Koma ine ndinatsala pang'ono kutaya moyo chifukwa chozolowera kutupa. Ndili ndi pathupi pa mwana wachiwiri, mwezi wachisanu ndi chiwiri, nkhope inayamba kutupa m'mawa uliwonse. Ndinkanyowetsa kansalu m'madzi ozizira n'kuphimba kumaso, kutupa n'kuchepako, ine n'kumati basi zatheka. Kenako mphete inakana kuvuka pachala, mutu unayamba kuwawa osaleka, m'maso ndikuona tinyenyezi. Nditapita kusikelo anapeza BP yakwera kwambiri ndiponso mkodzo uli ndi puloteni. Anati ndi preeclampsia, ndipo anandigoneka tsiku lomwelo. Mwana anabadwa masiku asanakwane, koma tonse tili moyo.

Sindikukuopsezani. Ndikungoti dzifunseni: kutupako kumatha kokha pofika chakumasana? Miyendo ndi manja sizitupa? Mkodzo suchita thovu lambiri? Matenda a impso amayambanso choncho, ndi zikope zotupa m'mawa. Kansalu kozizira kanandibisira chizindikiro kwa masabata awiri, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

NamwinoWaKhungu

Mayi, zikomo kwambiri polemba zimenezi. Aliyense woyembekezera amene wadutsa masabata 20 n'kuona nkhope ndi manja zikutupa, apite akayezetse BP tsiku lomwelo. Ndiwonjezereponso chithokomiro chosagwira bwino ntchito, nachonso chimatupitsa nkhope, koma kutupa kwake sikuphwa masana.

Aunty, maso anu sakukunamizani, koma timabowoto sititsekeka. Tilibe mnofu woti n'kutitsegula kapena kutitseka. Timinofu timene tili pakhungu ndi tija timakoka tsitsi munthu akachita tsemwe. Chimene mumaona n'chakuti khungu lozungulira kabowo laphwa ndipo lakungika pang'ono, ndiye kabowoko sikaonekera kwambiri. Khungu likafunda zonse zimabwerera. Pantchito yanu zimenezo n'zokwanira, chifukwa mukufuna nkhope ikhale bwino nthawi yojambula zithunzi. Kukula kwa timabowo kumachokera ku mtundu, ku kuchuluka kwa mafuta ndi ku msinkhu. Masupuni a mu filiji aja ndiye ndawakonda, chifukwa filiji imakhala pa madigiri ngati 4, ndipo pamenepo khungu silingaundane.

Kufiira kumene munaona pa mtsikana uja kulinso ndi chifukwa chake. Mitsempha ikafinyika kwa kanthawi ndi kuzizira, imatsegukanso kuti magazi abwere kudzateteza khungu. Dokotala wa ku London, Thomas Lewis, anazifotokoza mu 1930 atayesa zala za anthu m'madzi a ayezi. "Kuwala" kumene amakutama m'mavidiyo n'kumeneku, magazi akubwerera. Kwa munthu wa rosacea (matenda ofiiritsa khungu la kumaso), kapena amene timitsempha take timaonekera kale pamasaya, kufinyika ndi kutseguka kumeneku kumawonjezera vuto.

Za makina a nthunzi ya nayitrojeni, ine sindingatumizeko m'bale wanga kuti akachotse makwinya. Makwinya amabwera chifukwa collagen, amene amalimbitsa khungu, amatha ndi zaka ndiponso ndi dzuwa, ndipo zimene zimadziwika kuti zimathandiza ndi kudziteteza ku dzuwa ndi mankhwala a gulu la retinoid, gulu limene muli adapalene uja. Njira ina yofanana ndi ya makinawa, yoziziritsa thupi lonse m'kachipinda, inayambira ku Japan mu 1978, pofuna kuthandiza odwala nyamakazi, osati kukongoletsa. Mu 2016 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti silinavomereze makina oziziritsa thupi lonsewo kuchiza matenda alionse. Wopopera akangochedwa pamalo amodzi, munthu wa khungu lakuda akhoza kutuluka ndi banga loyera lija ndanena.

Kuzizira kumafikanso pansi pa khungu, pa mafuta. Mu 1970 madokotala analemba za mwana wamng'ono amene tsaya lake linatupa n'kulimba atayamwa ayezi wotsekemera nthawi yaitali, chifukwa mafuta a m'tsaya anali atavulala ndi kuzizira. Nkhani yomweyo ndi imene inapatsa nzeru Rox Anderson ndi Dieter Manstein a ku Boston, mpaka panabadwa makina a CoolSculpting ochepetsera mafuta a m'thupi, amene FDA inawavomereza mu 2010. Ndanena zimenezi kuti muone mphamvu yake. Pali ena amagona ndi paketi ya ayezi patsaya pofuna kuti nkhope ichepe. Amenewo akusewera ndi chinthu chimene kuchipatala chimayendetsedwa ndi makina oyeza kuzizira mphindi iliyonse.

Bambo, chimene chinakuchitikirani ndi chibadwa cha thupi. Madzi ozizira akakhudza mphumi ndi kuzungulira maso munthu atagwira mpweya, uthenga umapita ku ubongo, ubongo n'kulamula mtima kuti uchepetse liwiro, ngati kuti mwamira m'madzi. N'champhamvu moti madokotala amaika chozizira kumaso kwa khanda limene mtima wake ukuthamanga mopitirira muyeso, kuti ubwerere mwakale. Inu munali mutangothamanga, mtima uli pamwamba, ndiye unatsitsidwa mwadzidzidzi. Amene ali ndi vuto la mtima, amene amamwa mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, kapena amene amakomokakomoka asaviike nkhope choncho. Inunso ngati chizungulirecho chimabwera nthawi zina popanda madzi ozizira, kayezetseni.

Pali enanso ofunika kusamala ndi kuzizira: odwala sickle cell, anthu amene zala zawo zimatuwa ndi kupweteka kukazizira, ndi amene khungu lawo limatuluka zidzolo zoyabwa likakhudzana ndi chozizira. Kuchipatala timayesa omalizawa poika ayezi wa m'kapulasitiki pamkono mphindi zisanu, n'kudikira mphindi khumi. Pakatukuka chotupa choyabwa chofanana ndi ayeziyo, ndiye kuti munthuyo ali nalo vutoli, ndipo kudumphira m'madzi ozizira kukhoza kumuika pangozi yeniyeni.

Namaluwa27

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri yankho lililonse.

Anamwino, mawu aja oti dzanzi ndi chizindikiro choti ndapitirira andikhudza kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene ndinatenga chidutswa chachiwiri. Ndikuuzeninso chimene sindinalembe poyamba. Mnzanga wa kuntchito anandibweretsera kachubu ka mafuta oyeretsa kuti ndizipaka pabangapo, ndipo ndimafuna kuyamba usiku uno. Ndawerenga timalemba ta kumbuyo kwake, clobetasol alipodi. Mawa ndikambwezera, ndipo ndikamuonetsa zimene mwalembazi, chifukwa iye amapaka nkhope yonse ndipo chaka chino wakhala akudandaula za timitsempha tofiira pamasaya.

Mayi, ndinadziyang'anitsitsa monga munanenera. Si woyembekezera ine, miyendo situpa, ndipo kutupa kwa m'maso kumatha kokha ikamakwana 10 koloko ngakhale tsiku limene sindinaike kanthu. Ndazindikiranso kuti ndimagona chafufumimba nkhope ili pamatiresi. Komabe BP sindinayezetse chiyambire chaka chatha, ndiye Lachiwiri ndikamapita kukaonetsa bangali ndikapempha andiyeze, ndi mkodzo womwe. Ndikafunsanso za adapalene.

Aunty, m'mawa uno ndayesa masupuni anu. Ndinawaika mu filiji usiku m'kambale kotseka. Ndinayambira pamphuno kupita kukhutu monga munanenera, ndipo atafunda ndinasiya, sizinakwane n'komwe mphindi ziwiri. Maso anaphwa chimodzimodzi ngati ndi ayezi, popanda kupweteka kuja. Pachibwano sindinafikepo.

Bangali lero latseka, silikusupukanso, koma m'mphepete mwake mukuyabwa pang'ono. Anamwino, kuyabwako n'kuchira kapena ndidere nkhawa? Ndipo mafuta a SPF aja ndiyambe mawa, kapena ndidikire kaye kuyabwaku kuthe?